Anatsala Maenje Atatu

Bambo anga anamangira ziliza pafupifupi mudzi wonse, koma iwo eni agona pansi pa mtumbira wa dothi umene mvula yaudya mpaka kutsala pang'ono kulingana ndi pansi. Chizindikiro chake ndi nkhadze imene ndinabzala ndekha. Ndikulemba izi ndili ku Nairobi, pa tebulo la mwana wanga ku South C, ndipo ndayamba ndapempha Ambuye kuti andigwire dzanja, chifukwa mtima ukadali wotentha. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye pamene ndakhotetsa mundikhululukire.

Bambo anapita ku nkhondo yachiwiri ija asanakwatire amayi. Sanawombere munthu. Anawatengera ku Mombasa, m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene ankamanga tinyumba ta simenti toikamo mizinga yoloza kumadzi, kudikira zombo za adani zimene sizinabwere n'komwe. Kumeneko n'kumene anaphunzira umisiri. Anabwerako ndi luso la manja, komanso msana wa zipsera. Malaya sankavula, ngakhale m'mwezi wa Okutobala akuponda matope. Ine zipserazo ndinaziona bwino pamapeto, pamene ndinkawasambitsa akudwala. Zinali mizeremizere yotupa, ngati munda wolimidwa ndi munthu waukali.

Nkhani yawo inali yotere. Tsiku lina anathira simenti pansi m'kanyumba kamodzi, mzungu wowayang'anira n'kupita kukadya, n'kuwasiya iwo kuti azithamangitsa mbuzi ndi akhwangwala. Asilikali anali atatopa ndi kungoyang'ana madzi. Ankafuna kusewera nsolo, koma nthaka ya kumeneko ndi thanthwe, sungakumbe dzenje. Ndiye bambo anayang'ana simenti yaiwisi ija, n'kuyang'ana chidendene chawo. Analowa pangodya, n'kuyamba kudinda maenje akubwerera chambuyo. Nsolo imafuna mizere inayi, mzere uliwonse maenje asanu ndi atatu. Anamaliza mizere itatu. Wachinayi ali pa dzenje lachisanu, mzungu uja anatulukira.

Anawamangirira pa mgolo n'kuwakwapula anzawo onse akuona, ati awononga katundu wa mfumu ya azungu. Simenti inali itagwira kale, mzinga unkabwera mawa lake, ndiye maenje anangowasiya. Akafika pamenepa bambo ankaseka. "Koma nsolo tinasewera," ankatero. "Anatsala atatu okha. Amenewo tinkangojambula ndi khala."

Kumudzi kunali nkhani ina. Amalume awo a amayi anapitanso ku nkhondo yomweyo, iwo anafika mpaka ku Bama n'kubwerako ndi mendulo. Iwowo ndiwo anauza anthu kuti mkamwini uyu anamukwapula chifukwa choba matumba a simenti n'kugulitsa kwa amalonda. Sankafuna kuti amayi akwatiwe ndi munthu wobwera, wopanda abale pafupi. Tsono pakati pa mwini mbumba wa mendulo pachifuwa ndi mkamwini wa zipsera kumsana, mudzi ukanamvera ndani? Anthu ankawaitana bambo kuti awamangire, chifukwa mzere wawo wa njerwa unali wowongoka, koma ankawerenga matumba iwo akuona. Akamadutsa ndi zipangizo zawo, ana ankafuula kuti, "Atsala angati, amisiri?" Ena n'kuyankha, "Atsala atatu!" Ndiulule pamaso pa Mulungu: tsiku lina ndinali pakati pa anzanga pachitsime, ndipo nanenso ndinaseka. Bambo anandiona. Madzulo anandiphunzitsa nsolo monga mwa masiku onse.

Achimwene anga, oyamba kubadwa, poyamba ankamenyana ndi aliyense wonena mawu amenewa. Anabwera kangapo kuchokera kusukulu malaya atang'ambika. Kenako anatopa, n'kuwolokera tsidya linalo. Anayamba kudya kwa amalume aja, nsolo anaikana, ndipo atakula ankati bambo "munthu uja". Lero iwo ndiwo mwini mbumba, ndipo pa manda athu palibe chimene chimamangidwa iwo asanavomere. Chimwalirireni bambo ndawapempha katatu za chiliza. Koyamba anati tidikire tikolole. Kachiwiri anati, "Achemwali, chiliza chimaitana anthu, ndipo anthu akasonkhana amakumbutsana. Asiyeni agone." Kachitatu anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Simenti pa manda a munthu wa simenti? Mukufuna atiseke mpaka liti?"

Kuno ku Nairobi ndinabwera kudzalera mdzukulu. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri, mwamuna wake nayenso ndi wa kwathu komweko, ndipo amandisamala moti sindingadandaule. Anandigulira juzi ziwiri chifukwa kuno kumazizira, anandipititsa kuchipatala cha ku Parklands kukaonetsa maso, ndipo tsopano ndimawerenga Baibulo popanda kulitalikitsa. Zonsezi ndimayamika. Kamodzi pamwezi timapita ku Ngong kukapemphera ndi Amalawi anzathu. Kumeneko, tikumwa tiyi titaweruka, mayi wina ankasimba zoti anapita ku Mombasa ndi ana ake pa tchuthi. Ndinaika kapu pansi.

"Mombasa wake uti?" ndinafunsa.

"Yemweyu, amayi. Wa kuno ku Kenya."

Ine moyo wanga wonse ndinkayesa kuti Mombasa ali kutali ngati ku Bama, kumene munthu amapita ndi nkhondo basi. M'galimoto pobwerera ndinamufunsa mwana wanga. Anati, "Ndi pompa, amayi. Sitima ya m'mawa, masana mwafika." Ndinali nditakhala miyezi isanu m'dziko limeneli, ndikuchapa matewera ndi kuyang'ana magalimoto a pa msewu waukulu umene dzina lake lomwe ndi Mombasa, osadziwa kuti umapitadi kumeneko. Ndinamuuza chimene ndinkafuna. Nkhani ya agogo ake ankaidziwa, koma ngati nthabwala ya pamaliro. Anamvetsera ndi khutu limodzi, chala chili pa foni, n'kunena kuti, "Linga la nkhondo, eti? Ndalipeza. Tipita, mukaonenso nyanja."

Tinanyamuka anthu anayi: ine, iye, mwamuna wake (apongozi anga) ndi khanda. Pa windo la sitima ndinaona njovu zikudya phee, ndipo ndinathokoza Mlengi. Koma mtima unali kutsogolo. Titatsika, kutentha kunandimenya ngati ndatsegula uvuni wa njerwa, ndipo ndinaganiza za munthu wosavula malaya.

M'mawa mwake anandipititsa ku linga lalikulu kumene alendo onse amapita. Pakhomo tinapeza wotionetsa malo, bambo wachikulire ndithu wa kachipewa koyera, wolankhula Chingerezi chothamanga. Iye ankaloza kumwamba, makoma, mawindo, mizinga yakuda yondandalika. Ine maso anali pansi. Ndinayenda choweramira m'zipinda zonse, ndikusuzumira m'ngodya, mpaka ndinagunda mzungu wina pamimba ndi mutu. Dzuwa linafika pamutu ndisanaone dzenje ngakhale limodzi. Kenako ndinakanda khoma ndi chikhadabo. Ndine mwana wa mmisiri, simenti ndimaidziwa. Ija sinali simenti, inali miyala ya m'nyanja yomata ndi laimu.

"Tamufunsa," ndinauza mwana wanga, "anamanga linga limeneli ndani?"

Anafunsa, n'kundiuza kuti Apwitikizi, zaka mazanamazana zapitazo.

"Agogo ako anali Mpwitikizi?"

"Amayi, linga ndi linga. Nyanja mwaiona, mizinga mwaiona. Taimani apo pafupi ndi mzingawo ndikujambuleni, tiwatumizire amalume. Akaona kuti munafika."

"Akaona kuti ndinafika pati?"

"Nanga iwo adziwa bwanji kusiyana kwake?"

Bodza ndi limene linawasiya bambo anga opanda chiliza, ndiye ine ndikawawombole ndi bodza lina? Ndinamuuza kuti sindijambulitsa. Iye anayang'ana wotchi. Anati mwana watopa, kuhotela chakudya chimatha nthawi yake, masana analipira kale bwato lokaonera nsomba pansi pa madzi. Kenako ananena mawu amene mpaka lero ndikuyesetsa kuwakhululukira.

"Komanso amayi, tinene zoona. Mwina agogo ankangokometsa nkhani. Anthu akale amatero."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa masitepe, alendo akundilambalala. Ndinavula nsapato imodzi imene inkandiluma n'kuiika pambali. Ndinamuuza kuti apite akaone nsombazo, akandipeza pompano.

"Amayi, anthu akuyang'ana."

"Ayang'ane. Agogo ako anawayang'ana anthu ambiri kuposa awa, ali omangirira pa mgolo. Iwe uli ndi zaka ziwiri unakomoka ndi malungo, bambo ako ali ku ntchito kutali. Anakubereka ndani mpaka kuchipatala? Msana umene unagonapo tsiku limenelo ndi womwewo wa zipsera. Lero waphunzira, wakwera ndege, ukulankhula ngati ana a pachitsime."

Sindinakuwe. Mwana wanga anatembenukira kukhoma.

Apongozi anga ndi munthu wosalankhulalankhula. Khanda anali atalimangirira pachifuwa ndi malamba, monga amachitira abambo a kuno, chinthu chimene poyamba chinkandiseketsa. Ananjuta chapatali pang'ono, mwaulemu wake, n'kunena kuti, "Apongozi, agogo ankati pamalopo pankaoneka chiyani? Osati za nkhondo. Zimene maso awo ankaona akadzuka."

Palibe anali atandifunsapo funso limeneli. Ndinatseka maso. Ndinawauza kuti panali milambe yambiri, ngati ya kwathu kuchigwa. Kuti zombo zinkadutsa pafupi kwambiri polowa kudoko, moti bambo ankaona wophika akutaya makoko m'madzi. Kuti chapafupi panali nyumba yaitali ya nyali yowunikira zombo. Apongozi anapita kukalankhula ndi wa kachipewa uja. Iye anaseka, n'kupukusa mutu, n'kuloza ndi dzanja chakumwera. Ati malowo akuwadziwa, koma kulibe choona. Ati anthu amangopitako kukapuma mphepo ndi kudya chinangwa, tinyumba take n'togumuka ndiponso tonunkha, alendo sapita nawoko.

Ndinavala nsapato ija.

Tinakwera tukutuku, kanjinga ka mawilo atatu kaja, tonse ndi wotionetsa malo yemwe. Titatsika ndinaona milambe, ikuluikulu, yoima ngati akuluakulu pa bwalo. Amayi ena ankaotcha chinangwa pa mbaula, abambo akusenda madafu, makokonati aawisi amene anthu amamwa madzi ake. Ndipo tili chiimire, chombo chachikulu kuposa tchalitchi chathu chinadutsa mwakachetechete, pafupi moti ndinaona munthu atatsamira pa chitsulo akusuta. Ndinati chamumtima, Ambuye, musandifikitse pano kuti mundichititse manyazi.

Tinyumbato tinali chakumunsi, m'maudzu, kuyang'ana kumadzi. Makoma okhuthala kuposa mkono wanga, denga lochindikala, kutsogolo kampata kopingasa. Iyi inali simenti, yakuda ndi ukalamba, koma simenti. Koyamba kanali kogumuka denga, pansi posaoneka. Kachiwiri pansi pake panali posalala, ndinafufuza ngodya zonse, panalibe kanthu. Kachitatu tinakamva ndi mphuno tisanafike.

Anthu anakasandutsa chimbudzi. Ndilembe momwemo, chifukwa ndi mmene zinalili. Pakhomo panali mabotolo, mapepala, matewera a ana otaya, ndi zina zimene sindingatchule. Pamakoma anyamata analemba mayina awo ndi a zibwenzi zawo ndi penti. Ndinaima pakhomopo ndipo ukali umene ndinali nawo kulinga kuja unaoneka waung'ono. Munthu anang'ambidwa msana chifukwa choti simenti imeneyi inali yopatulika, yosayenera kukhudzidwa ndi phazi la munthu wakuda. Mfumu yake ija ili kuti lero, idzaone katundu wake? Mzungu wa chikoti uja ali kuti, adzakwapule awa? Anapita kwawo, n'kuiwala, nyumba n'kusiyira ntchentche. Koma ife kwathu tikadasenzabe.

Wa kachipewa uja anandigwira pamkono. "Mama, hapana," anatero, kutanthauza kuti ayi. Ndinachotsa dzanja lake. Ndinathyola nthambi ya chitsamba, n'kukwinya chitenje, n'kulowa.

Ndinayamba kusesa kuchokera pakhomo. Pakati panali zitsulo zadzimbiri zozungulira, pamene pankakhala mzinga. Ndili mkati ndinamva wina akulowa kumbuyo kwanga. Anali apongozi. Khanda anali atapatsira mayi wake, ndipo anagwada ndi thalauza lawo loyera, akukokolola zinyalala ndi chidutswa cha katoni. Sitinayang'anane. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake sagwira ntchito mapewa atagundana chonchi, koma tsiku limenelo mwambo unadikira panja.

Pangodya ya kumbuyo, kudzanja lamanzere, panali mchenga wouma umene mphepo inaunjika. Nditausesa, nthambi inakodwa. Panali kaudzu komera pa simenti, m'kabwalo kozungulira. Pambali pake kena. Ndinagwada, n'kuzula, n'kukumba ndi chala. Dothi linatuluka, pansi pake panali posalala, polowa ngati mkati mwa chikho.

Wotionetsa malo anasuzumira atatseka mphuno ndi kachipewa kake, n'kulankhula. Mwana wanga, amene tsopano anali ataima pakhomo, anamasulira ndi mawu otsika. "Akuti amenewo ndi malo oimikamo zipolopolo za mzinga."

"Muuze adikire."

Tinakumba, ine uku apongozi uku. Maenjewo sanali ofanana ngati opangidwa ndi chida. Anali otalikirako mbali imodzi, ena akuya, ena osaya, mizere yake yokhota pang'ono. Ndinawerenga mokweza. Mzere woyamba, asanu ndi atatu. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu chimodzimodzi. Pa wachinayi mawu anga anayamba kuthawa, ndiye anawerenga ndi mwana wanga, khanda lili m'manja. Limodzi, awiri, atatu, anayi, asanu. Apongozi anapitiriza kupala ndi katoni mpaka kukhoma. Panalibenso kanthu, simenti yosalala basi. Ndipo dzenje lachisanulo linali ndi mchira, mkwasa wautali wopita chammbali, ngati phazi la munthu amene wadzidzimuka kapena wakokedwa.

Ndinavula nsapato n'kuika chidendene changa m'dzenje limenelo. Chinalowa n'kutsala malo. Bambo anali ndi mapazi aakulu.

Ndinkaganiza kuti ndikadzawapeza ndidzaimba nyimbo yoyamika. Ndinali nditaisankha kale m'sitima. Koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga si nyimbo. Ndinatukwana. Ine mayi wovala yunifolomu ya mpingo, wotsogolera mapemphero a Lachinayi, ndinatukwana amalume a mendulo aja m'manda mwawo. Ndinatukwana mzungu, ndi amene anagwira chingwe, ndi onse amene anawerenga matumba pamaso pa bambo anga kenako n'kugona m'nyumba zimene iwo anamanga. Ndinatchula mayina a anthu amene ziliza zawo zimawala pa manda athu, mmodzimmodzi, n'kuwafunsa kuti anakumangirani ndani. Pomaliza ndinadzitukwana ndekha, kamtsikana ka pachitsime kaja. Mawu ankabwerera kuchokera m'makoma. Ndapempha chikhululukiro chifukwa cha mawu ena amene ndinasankha, koma ukaliwo sindinaulape, ndipo sindikudziwa ngati ndiyenera.

Mwana wanga ankalira. Anati, "Pepani amayi." Ndinamutuma kuti apite kwa amayi ootcha chinangwa aja akapemphe khala limodzi lozima. Anapita osafunsa, ndipo atabwera ndinamuuza kuti ajambule yekha. Anapereka khanda kwa bambo wake, n'kugwada pansi ponyansa paja ndi diresi lake la kuhotela, n'kujambula timabwalo titatu kumapeto kwa mzere.

Tinatola timiyala panja. Ndinakhala mbali iyi, apongozi mbali iyo, n'kusewera. Iwo anakulira m'tauni, nsolo amaidziwa mwapatalipatali, ndipo ndinawadya osawamvera chisoni. Wa kachipewa uja anali atasiya kutseka mphuno. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kudzera mwa mwana wanga kuti munthuyo dzina lake anali ndani, ndiponso wochokera dziko liti. Ndinamuuza. Analibwereza kawiri mpaka analitchula bwino. Sindikudziwa ngati adzauze aliyense, poti anati alendo safikako.

Zonsezi mwana wanga anazijambula pa foni, kuwerenga konse kuchokera pa dzenje loyamba, n'kutumiza kwa achimwene. Tinabwerera ku Nairobi. Foni inkaonetsa kuti aona, koma masiku awiri anadutsa ali chete. Lachitatu m'mawa, ndikupatsa mwana phala, kunabwera uthenga wa mawu. Ndinaumvera kamodzi kokha, koma ndikhoza kuunena wonse.

"Achemwali, ndaona. Mwayenda, tikuthokoza. Koma maenje salankhula. Asilikali analipo ambiri, aliyense akanatha kudinda. Komanso munthu akhoza kusewera nsolo n'kubanso simenti, zonse ziwiri. Nkhaniyi tiisiye mmene ilili. Moni kwa ana."

Ndinaika supuni pansi. Ndinalowa kuchipinda n'kugwada, koma pemphero linakana. Ndinadikira mpaka Lamulungu titaweruka, kuti ndilankhule nditamva Mawu, mwina lilime lingafewe. Silinafewe kwenikweni.

"Achimwene, mwaswera bwanji?"

"Taswera, kaya inu kumeneko?"

"Ine sindinaswere. Ndikufunseni. Ana aja ankafuula kuti atsala angati?"

Ndinabwereza.

"Ndikufunsa, achimwene. Inu munalipo, munang'ambitsa malaya chifukwa cha mawu amenewa. Angati?"

"Atatu."

"Nanga pa foni paja mwawerenga kuti atsala angati?"

"Achemwali, manda ndi a mbumba. Simungangochokera kunja n'kudza..."

"Sindikupempha. Ndinapempha katatu, kwakwana. Amalume anu aja anali ku Bama pamene bambo ankakwapulidwa ku Mombasa. Anaona bwanji matumbawo? Tinali ndi zaka zonsezi zoti tifunse funso limeneli, palibe anafunsa, chifukwa mendulo inkatiwalira m'maso."

Ndinamva akupuma. Kumbuyo kwawo nkhuku zinkalira, nkhuku za kwathu. Atalankhulanso mawu awo anali ena, otsika, ngati a mnyamata uja wa malaya ong'ambika.

"Ndiye mukufuna ndizinena chiyani kwa anthu? Kuti ndinawakana bambo anga pachabe? Mukudziwa chimene ndinawauza ali pa mphasa, sabata yomaliza ija? Inu munali kumadzi. Anandipempha kuti ndiwadzutse, ine ndinati..." Sanamalize.

Sindinkadziwa. Mpaka lero sindikudziwa chimene anawauza, ndipo sindinafunse. Chisoni chinabwera, koma chinapeza ukali utakhala kale pampando.

"Eya," ndinatero. "Pachabe. Inenso ndinaseka pachabe. Kusiyana kwake n'koti ine ndagwada m'manyi a anthu kufunafuna maenje amenewa, inu mwangowaonera m'manja mwakhala pa khonde limene anamanga iwo."

Anadula foni.

Kuyambira tsiku limenelo sitinalankhulane. Ndinaimbira mmisiri wina wa kwathu, amene anaphunzira ntchito kwa bambo ali wachinyamata, pano nayenso ndi wa imvi. Nditamufotokozera anati simenti akasunga kwake ndipo njerwa aumba yekha. Ndamuuza kuti tsiku lothira pamwamba asayambe ine ndisanafike, ndipo chakumiyendo asiye malo osalemba kanthu, aiwisi. Tikiti yanga ndi ya mwezi wamawa. Mwana wanga wapempha tchuthi kuti tipitire limodzi, ndipo sindinamuuze kuti atero.

Sabata yatha alamu anga, akazi awo a achimwene, anandiimbira mobisa. Ati achimwene akhala akututa mchenga kumtsinje ndi wilibala, m'mawa uliwonse, ndipo wowafunsa akumuuza kuti ndi wa khola la nkhumba. Koma akuuthira kuseri kwa manda, pafupi ndi nkhadze. Alamu ankayembekeza kuti ndisangalala. Ndinathokoza Mulungu, inde, koma ndinawauza kuti mchenga wobisa sundikwanira. Bambo ananyozedwa poyera, masana, ana akuimba.

Ndiye ndakonza chonchi. Tsikulo, anthu atasonkhana, abusa atapemphera, ndidzavula nsapato n'kudinda maenje awiri pa simenti ya kumiyendo. Dzenje lachitatu ndi la achimwene. Simenti imadikira kanthawi kochepa, iwonso akudziwa, ndi mwana wa mmisiri. Akadzabwera n'kuvula nsapato pamaso pa mudzi, nkhani idzathera pomwepo, ndipo ndidzawagwira dzanja potsika. Akadzakhala kunyumba, sindidzawadindira. Chiliza chidzauma ndi maenje awiri, ndipo aliyense wondifunsa kuti atsala angati ndidzamuuza kuti latsala limodzi, akafunse achimwene.